Kampani ikuyenda, mwiniwake ndiye akutha: tikambirane za nkhawa za eni ma startup (makampani ongoyamba kumene)

Tamanda
Anzanga pagulu pano, funso langa lero si la makasitomala kapena ma investor (anthu oika ndalama mu kampani). Ndi la ifeyo eni akefe. Mumatani kuti mutu ukhale m'malo? Kampani yathu sinagwe ayi, tikugulitsa, antchito akulandira. Koma ineyo ndafika poti foni ikangolira, mtima umagunda ngati ndaba. Ndimadzuka cha m'ma 3 koloko usiku, mutu n'kuyamba kuwerengera malipiro a mwezi wamawa, tulo n'kuthera pomwepo. Kukacha ndimapita ku ofesi n'kumamwetulira, poopa kuti ndikaoneka wofooka antchito ayamba kufunsira ntchito kwina. Ndikufuna kumva zimene zinakuthandizani inuyo, osati zija zongoti "ziganizani zabwino".

Yamikani
Za fonizo ndiye mwandinena ine. Ndinatseka kulira kwa WhatsApp, pano ndimadzidzimuka ndi kuwala kwa sikirini.

Limbani
Achemwali, pepani, ine ndinena zimene ena aope kunena. Zimene mwafotokozazo ndiye ntchitoyo. Wofuna tulo tabwino amakalembedwa ntchito, n'kumalandira pa tsiku lodziwika. Ife tinasankha njira ina. Elon Musk ananena yekha mu 2018 kuti ankagwira ntchito maola 120 pa sabata pamene kampani yake ya Tesla inkavutika kutulutsa galimoto ya Model 3, mpaka kumagona ku fakitale konko. Akanati "ndatopa, ndikapume", galimoto zija zikanatuluka? Pirirani, zaka zoyambazi zidutsa.

Mphatso
A Limbani, nkhani ya Musk imeneyo muziifotokoza yonse. Pocheza ndi nyuzipepala ya New York Times mu Ogasiti 2018, iye anavomera kuti chinali chaka chowawa kwambiri pa ntchito yake yonse, ndipo ankamwa mankhwala ogonetsa a Ambien kuti apeze tulo. Mwezi womwewo ndi pamene analemba pa Twitter kuti ndalama zogulira masheya onse a Tesla zapezeka. Uthenga umenewo unamulipitsa madola 20 miliyoni ku bungwe loyang'anira misika ya masheya ku America, kampani nayonso inalipira 20 miliyoni, iye n'kutula pansi udindo wa wapampando wa bodi. Sindikunena kuti kusagona ndiko kunalemba uthengawo. Ndikungoti si chitsanzo chomupatsa munthu amene akudzuka 3 koloko usiku.

Za maola ambiriwo zinayezedwa kale. John Pencavel wa ku yunivesite ya Stanford anaunika zolembedwa za anthu amene ankapanga zida ku Britain pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Anapeza kuti munthu akadutsa maola pafupifupi 50 pa sabata, zimene amatulutsa pa ola zimayamba kutsika, ndipo wogwira maola 70 ankatulutsa zosasiyana kwenikweni ndi wogwira maola 56. Imeneyo inali ntchito ya manja, yoti mukhoza kuwerenga. Yathuyi ndi yosankha: kulemba uyu kapena uyo, kusaina mgwirizano kapena kuukana. Mukasaina zolakwika chifukwa mutu unali wolemera, maola onse owonjezera aja sabweza.

Limbani
Amenewo anali antchito, achimwene, ankachita kuuzidwa. Ukamagwira chako n'zosiyana. Ine ndikakhala pa kompyuta mpaka pakati pa usiku sindimva kuwawa, chifukwa palibe wandituma.

Chisomo
A Limbani apa akunena zoona, koma theka lake. Ndisanayambe kampani yanga ndinkagwira ntchito ya uphungu wa matenda a maganizo, ndiye mundilole nditalikitseko.

Mu 1979 Robert Karasek anafotokoza kuti chimene chimapweteka munthu pa ntchito si kuchuluka kwa ntchito kokha. Chimapweteka kwambiri ndi ntchito yambiri pamene iwe ulibe mphamvu pa mmene zinthu ziyendere. N'chifukwa chake a Limbani samva kuwawa polemba pulogalamu yawo usiku: ntchito ndi yambiri, koma chiwongolero chili m'manja mwawo. Tsopano taonani zimene zikuwadzutsa a Tamanda. Si ntchito yomwe angaigwire. Ndi kasitomala amene sanalipire invoisi, investor amene wangoti zii, wantchito wodalirika amene angachoke tsiku lililonse. Pa zonsezi mwini kampani ali ndi udindo wonse koma mphamvu zochepa. Timadzinamiza kuti poti ndife mabwana ndiye kuti tikulamulira, pamene zambiri zotisowetsa tulo zili m'manja mwa anthu ena.

Za 3 koloko zija zili ndi chifukwa chake m'thupi. Chakumapeto kwa usiku tulo timapepuka, ndipo homoni ya cortisol, imene imakonzekeretsa thupi kudzuka, imayamba kukwera kusanache. Aliyense amatsitsimuka pang'ono nthawi imeneyo, kungoti amene alibe nkhawa amatembenuka n'kugonanso osakumbuka. Wankhawa akangotsitsimuka, mutu umagwira vuto lomwe lili pafupi. Ndipo nthawi imeneyo mutu umadziwa kukuza vuto, sudziwa kulithetsa. Palibe woti mumuimbire, banki ndi yotseka, ndiye maganizo amangozungulira pamodzimodzi.

A Tamanda, mafunso awiri, muyankhe ngati mwamasuka. Ndalama za chaka chathunthu zitalowa mu akaunti mawa, mukuona kuti mugona? Nanga zinthu zimene zinkakusangalatsani kunja kwa ntchito, zikukusangalatsanibe?

Kondwani
Funso loyambalo ndiyankheko ine, chifukwa ndinaliona ndi maso. Nthawi yonse imene tinkasaka ndalama ndinkadziuza kuti zikangolowa ndipuma. Zinalowa. Patapita masabata ochepa, ndili m'galimoto ndikudikira kulowa mu msonkhano wa bodi, chifuwa chinangothina. Manja anachita dzanzi, thukuta kuti chuu, kiyi ndikulephera kumugwira. Ndinkadziwa ndithu kuti ndikufa ndi mtima. Kuchipatala anandiyeza mtima ndi makina, anatenga magazi, zonse zili bwinobwino. Dokotala anandifunsa kuti ndimagona maola angati komanso ndimamwa khofi wochuluka bwanji, kenako anati chimene chandigwira ndi panic attack, kutanthauza mantha aakulu obwera mwadzidzidzi.

Chimene ndalama zinachita n'kusintha mtundu wa mantha basi. Poyamba ndinkaopa kuti tisowa malipiro. Zitalowa ndinayamba kuopa kuti anthu andikhulupirira ndi chuma chawo ndipo tsiku lina azindikira kuti analakwitsa munthu. Achiwiriwa anali oipa kuposa oyamba, chifukwa unalibe womudandaulira. Ungadandaule bwanji anthu akukutumizira mauthenga a mafuno abwino?

Chisomo
Munachita bwino kupita kuchipatala. Chifuwa chikathina koyamba, munthu asadziuze yekha kuti ndi nkhawa. Aziyamba ayezedwa mtima.

Mphatso
Ine ndine wa manambala, ndiye ndipereka za manambala. Ambiri amene amawerengera malipiro usiku ndi oti sanakhale pansi masana n'kulemba nambala imene akuiopayo. Amaidziwa mwa chisawawa: "tili ndi miyezi ingapo". Miyezi ingapo imeneyo usiku imasanduka masabata awiri.

Tsegulani Excel masana, mutadya, muli ndi munthu wina pambali. Lembani ndalama zimene zili mu akaunti lero, osati zimene makasitomala alonjeza. Lembani zimene zimatuluka mwezi uliwonse. Gawani za mu akauntizo ndi zotuluka pa mwezi, mupeze miyezi imene yatsala. Tsiku limene ndalama zithere lilembeni ndi dzina la mwezi wake. Kenako, ndipo ichi ndi chimene anthu amadumpha, sankhani tsiku lina kutsogoloku limene mudzapange chiganizo, n'kulemberatu chiganizocho: likafika tsikuli tisanapeze zakutizakuti, tidzachepetsa apa ndi apa, tidzayamba ndi malipiro anga, kenako ofesi, kenako anthu. Mukatero funso lija lili ndi tsiku lake lodzayankhidwa. Likabwera usiku mumaliuza kuti tsiku lake silinafike. Sikuti limamvera nthawi zonse, koma kwa ine linachepa mphamvu.

Nthawi zambiri nambala yolembedwa imakhala yabwinoko kuposa ya m'mutu. Ikakhala yoipa, bola mwaidziwa nthawi yochitapo kanthu ikadalipo.

Yamikani
Ine ndinayesa, nambala yake inali yoipa kuposa ya m'mutu. Ndibwezereni tulo tanga a Mphatso.

Mphatso
Ndiye munachitapo chiyani?

Yamikani
Tinasiya chinthu china chomwe tinkapanga koma palibe ankachilipira. Chabwino, mwapambana.

Tamanda
Zikomo nonse, ndakhala ndikuwerenga. A Chisomo, funso loyamba ndaliganizira, ndipo yankho lake landiopsa: ayi, sindikuona kuti ndingagone. Lachiwiri ndiye lovuta. Ndinkakonda kuwerenga, pano ndimawerenga tsamba limodzi katatu osamva kanthu. Anzanga akandiitana ndimanamizira ntchito, koma sikuti ndimagwira ntchitoyo, ndimangokhala n'kumayang'ana ma email omwe ndawerenga kale. Chinanso chomwe sindinanene ndi chakuti ine ndi mnzanga amene tinayamba naye kampaniyi sitikulankhulana bwino. Timatumizirana mauthenga tili m'chipinda chimodzi.

Thoko
Achemwali, ndilankhuleko monga munthu amene kampani yake inatsekedwa, poti pagulu pano ambiri amalankhula ngati kutseka ndi maliro.

Chimene chinkandidya ine sichinali ndalama. Chinali chakuti dzina langa ndi dzina la kampani zinasanduka chinthu chimodzi. Anthu ankandisunga m'mafoni mwawo ndi dzina la kampani. Malonda akakwera ndinkadziona munthu, akatsika ndinkachita manyazi ngakhale kupereka moni. Ndiye mukaganiza bwino, moyo wotere ndi woti mtengo wako monga munthu ukusintha m'mawa ndi madzulo malinga ndi zimene alendo osakudziwa asankha kugula. Palibe mutu umene ungapirire zimenezo kwa zaka.

Tsiku louza antchito ndinaliopa kwa miyezi. Ndinakonzekera mawu, ndinawalemba papepala. Nditangoyamba, mtsikana amene ankasunga mabuku athu anati, "Timadziwa, bwana, timangodikira kuti munene." Ankaona ma invoisi, ankaona kuti ndasiya kulankhula za chaka chamawa. Kumwetulira konse kuja sikunabise kanthu, kunangowaphunzitsa kuti nkhaniyi ndi yosakambidwa, ndiye aliyense ankavutika nayo payekha. Chimene anadandaula ndi chakuti ndikanawauza msanga akanayamba kufunafuna ntchito nthawi ikadalipo.

Ku America, komwe amasunga bwino ziwerengero zimenezi, bizinesi imodzi mwa zisanu zilizonse imatsekedwa chaka choyamba chisanathe, ndipo pofika zaka 5 pafupifupi theka zimakhala zitatsekedwa. Amenewo ndi mabizinesi a mtundu uliwonse, osati ma startup okha omwe akuyesa chinthu chatsopano. Anthu onsewo si zitsiru kapena alesi. Sindikukuuzani kuti yanu igwa, mwanena nokha kuti ikugulitsa. Ndikungoti itagwa, inuyo mudzakhalapobe, ndipo ndi bwino kuyamba kumusamala munthu ameneyo panopa.

Limbani
Pepani ndi zimene munadutsamo a Thoko. Koma zouza antchito mavuto ine ayi. Mtsogoleri akanjenjemera, onse amathawa. Ndipo investor mukamuuza kuti mukudwala maganizo, mwadzitsekera khomo nokha. Amauzana anthu amenewa.

Kondwani
Pali kusiyana pakati pa kuuza antchito mmene kampani ilili ndi kuwasenzetsa mantha ako. Choyamba ndi ufulu wawo: tili apa, ndalama zifika mwezi wakuti, dongosolo ndi ili. Chachiwiri si ntchito yawo. Wantchito sangakhale phungu wako, chifukwa malipiro ake ali m'manja mwako, sangakuuze zoona zonse ndipo usiku iyenso ayamba kudzuka.

Za ma investor ndikugwirizana nanu pang'ono, si onse oyenera kuuzidwa. Koma si onsenso amene ali monga mukunenera. Brad Feld, mmodzi mwa amene anayambitsa Techstars, bungwe lothandiza ma startup, yemwenso ndi investor wodziwika, analemba poyera za matenda ake ovutika maganizo, ndipo anapitiriza ntchito yake. Ine ndinauza mmodzi yekha wa m'bodi, amene ndinkamukhulupirira. Sindinalire pamaso pake. Ndinangoti dokotala wandiuza kuti ndichepetse, kwa masabata akubwerawa zakutizakuti aziyendetsa mnzanga. Anangofunsa ngati mnzangayo ali ndi mphamvu zosainira ku banki. Nkhani inathera pomwepo.

Chifundo
Ine chimene chimandigwira ndi pemphero. M'mawa ndisanatsegule foni ndimayamba ndapemphera, ndipo tsiku limayamba mosiyana. Koma ndiwonjezere kuti pamene zinafika poipa ndinapitanso kwa dokotala, ndipo sindinaone kuti ziwirizi zikutsutsana. Zimandipweteka ndikamva munthu akuuzidwa kuti akudwala chifukwa chikhulupiriro chake n'chochepa.

Wina anenepo za abale amene anaikamo ndalama. Investor wachilendo amadziwa kuti ndalama ikhoza kupita. M'bale wako amene anakupatsa zomwe anasunga zaka zambiri amakuyang'ana m'maso pa chochitika chilichonse cha pabanja, osafunsa kanthu, n'kungoti "zikuyenda?" Ine funso limenelo limandilemera kuposa msonkhano wa bodi.

Mphatso
Amenewo muziwalembera lipoti ngati investor wina aliyense, lalifupi, miyezi itatu iliyonse, zabwino ndi zoipa zomwe. Akamadziwa tsiku limene amve, "zikuyenda?" uja amasanduka moni wamba. Ndipo ngati simunalembe pansi kuti inali ngongole kapena anagula gawo la kampani, lembani tsopano mukadali pa ubale wabwino.

Chisomo
A Tamanda, zikomo poyankha mosabisa. Sindingakuuzeni matenda pa gulu, ndipo aliyense amene angayese kutero musamumvere. Koma zimene mwanenazo ndi zokwanira kuti mukaonane ndi dokotala kapena phungu wa maganizo sabata ino, osadikira kuti ntchito ichepe kaye.

Ndifotokoze chifukwa chake, poti pagulu pano tikusakaniza zinthu zitatu.

Pali kupanikizika wamba, kumene kumabwera ndi vuto n'kupita nalo. Kasitomala akalipira, mtima umakhala pansi. Kumeneko Excel ya a Mphatso imathandiza kwambiri.

Pali burnout. Mawuwa anawatchukitsa Herbert Freudenberger mu 1974, ndipo mu 2019 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaifotokoza m'buku lake la ICD-11 monga vuto lochokera ku ntchito, osati matenda paokha. Zizindikiro zake ndi zitatu: kutheratu mphamvu, kuyamba kuipidwa ndi ntchito kapena kuitalikira mumtima, ndi kuona kuti sukuchitanso bwino zimene unkazitha. Mwini kampani amene wayamba kudana ndi makasitomala ake omwe, amene akamva kuti kwabwera oda yatsopano amausa moyo m'malo mosangalala, ali pamenepa. Imeneyi imafuna kusintha kagwiridwe ka ntchito. Tchuthi chokha sichikwanira, chifukwa mukabwerera ku zomwezo, pakatha masabata ochepa mwabwereranso pomwe munali.

Ndiye pali matenda ovutika maganizo, dipuleshoni. Kusiyana kwake n'kwakuti samakhala ku ofesi kokha, amalowa paliponse. Munthu amakhala wokhumudwa kapena wosasangalatsidwa ndi chilichonse pafupifupi tsiku lonse, masiku ambiri, kwa masabata awiri kapena kuposa. Tulo timasokonekera, kudya kumasintha, kuika maganizo pa chinthu chimodzi kumavuta, amadziona wachabechabe. Amenewa ndalama sizichiza, tchuthi sichichiza, kupirira sikuchiza. Koma amachizika. Pali chithandizo cholankhulana, monga CBT yomwe inachokera ku ntchito ya Aaron Beck m'zaka za m'ma 1960, imene imaphunzitsa munthu kugwira maganizo ake n'kuwafunsa umboni. Palinso mankhwala, omwe amatenga masabata angapo kuti ayambe kugwira ntchito, ndiye munthu asawasiye pa sabata yoyamba n'kumati sakuthandiza. Madokotala ambiri amayamba ndi mafunso 9 otchedwa PHQ-9, omwe satenga mphindi zisanu.

Musadzione ngati ndinu nokha. Mu 2015 Michael Freeman wa ku University of California, San Francisco, ndi anzake anafunsa anthu 242 oyambitsa mabizinesi. Mwa amenewa 49 peresenti ananena kuti anakhalapo ndi vuto la maganizo pa moyo wawo, ndipo 30 peresenti anatchula dipuleshoni. Gululo linali laling'ono ndipo anthu ankanena okha, ndiye tisalitenge ngati chiwerengero cha dziko lonse. Koma pagulu ngati lathuli, ndiye kuti amene akhala chete akuwerengawa ambiri akuzidziwa zimenezi.

Chomaliza, ndipo ichi ndikulembera aliyense. Ngati maganizo afika poti bola kufa, kapena kuti banja lingapepukidwe inu kulibe, limenelo si la mawa. Uzani munthu lero, pitani kuchipatala lero, musakhale nokha usiku umenewo. Ngongole ya kampani ili ndi njira zake za malamulo zoithetsera, ngakhale itakula bwanji. Ndipo mukamukayikira mnzanu, mufunseni mwachindunji. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu.

Madalitso (admin)
Uthenga wa a Chisomo ndaukhoma pamwamba. Ndikumbutsenso kuti zokambidwa muno zisatuluke ndi ma screenshot. Wopezeka akutero tichotsa popanda kukambirana.

Tamanda
Ndamva. Ndapeza phungu, tikumana Lachinayi. Za mnzanga uja ndiye sindikudziwa poyambira.

Thoko
Musayambire pa ntchito, ndipo musakambirane mu ofesi. Mufunseni kuti iyeyo akugona bwanji. Mwina nayenso akudzuka nthawi yomweyo, akuwerengera malipiro omwewo, aliyense akuganiza kuti mnzake sizikumukhudza. Anthu awiri otopa amayamba kuwerengerana maola: ine ndachoka mochedwa, uyu wachoka msanga. Mukatha pamenepo ndiye mukambe zoti ndani ali ndi mawu omaliza pa chiyani, n'kuzilemba. Mikangano yambiri ya oyambitsa kampani imene ndinaiona inkaoneka ngati ya khalidwe, koma pansi pake panali chinthu chimodzi chimene onse awiri ankaganiza kuti ndi chawo kusankha.

Yamikani
Funso la ife osauka nthawi: pa zonse zimene amanena zija, kuthamanga, kupuma mozama, ma app osinkhasinkha, chenicheni n'chiti? Ine ndinaika app ina, pano imanditumizira uthenga kuti ndaphonya masiku, ndiye yangowonjezera bwana wina pa moyo wanga.

Chisomo
Ichotseni. Mukafuna kusankha chimodzi, sankhani tulo. Munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposa. Kafukufuku wa ku Australia anaonetsa kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachita zinthu mofanana ndi amene ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi, mlingo umene m'mayiko ambiri saloledwa kuyendetsa galimoto. Ndiye amene anadzuka 6 koloko m'mawa n'kumayankha email ya investor 11 koloko usiku adziwe kuti akulemba ali mu mkhalidwe umenewo.

Zothandiza tulo n'zosasangalatsa kumva. Kudzuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ngakhale usiku unali woipa. Khofi asapitirire masana, chifukwa pakatha maola pafupifupi 5 theka la caffeine limakhala likadali m'thupi. Mowa umagonetsa msanga koma umadula tulo chakumapeto kwa usiku, ndiye amene amamwa kuti agone ndi amene amadzuka 3 koloko. Mukadzuka n'kuona kuti tulo sitikubwera, tulukani pabedi, khalani pena pa kuwala kochepa, lembani chimene chikuzunguliracho papepala, mubwerere tulo tikayamba. Foni ikhale chipinda china, ndipo ngati mukuopa kuti seva (kompyuta yoyendetsa pulogalamu yanu) igwa usiku, gawanani masiku oyang'anira, asakhale munthu mmodzi chaka chonse.

Chachiwiri ndi kuyendetsa thupi. WHO imati mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo kuyenda mwandawala kumawerengedwa. Misonkhano ina ya pafoni mukhoza kuichita mukuyenda.

Kondwani
Ndiwonjezere chimodzi chomwe sichili m'mabuku a madokotala. Pezani eni makampani awiri kapena atatu omwe simukupikisana nawo, muzikumana kamodzi pa mwezi, lamulo lake likhale lakuti palibe kudzitama. Aliyense ayambe ndi chimene chikumuopsa. Mkazi wanga amandimvetsera, koma nkhawa yanga imasanduka yake, chifukwa nyumba ndi imodzi. Anzangawa akamva kuti kasitomala wamkulu wachoka sagwidwa mantha, amangofunsa kuti mgwirizano unkati chiyani pa zothetsa.

Limbani
Zonsezi ndamva, koma ine ndikuonabe kuti pali nyengo zina zoti munthu umayenera kudzipanikiza. Sabata yotulutsa chinthu chatsopano simungandiuze za maola 7.

Mphatso
Sabata imodzi palibe akukutsutsani. Vuto ndi pamene sabata imeneyo yakhala chaka chachitatu. Mu 2021 WHO ndi ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, anatulutsa zoti kugwira ntchito maola 55 kapena kuposa pa sabata kumakweza chiopsezo cha sitiroko ndi 35 peresenti, ndi cha kufa ndi matenda a mtima ndi 17 peresenti, poyerekeza ndi maola 35 mpaka 40. Anawerengera kuti mu 2016 anthu 745,000 anafa ndi zimenezi, ambiri mwa iwo amuna. Zimabwera mochedwa, nthawi zina patapita zaka munthu atasiya kale kugwira maola amenewo.

Limbani
Chabwino. A Chisomo, pali mnzanga wina. Iyeyo sikuti ndi wokhumudwa ayi, salira, ntchito akugwira kuposa kale. Kungoti chilichonse chikumupsetsa mtima. Wantchito akafunsa funso amamukalipira, kunyumba ana akamuona amalowa kuchipinda. Madzulo amayamba wamwa pang'ono kuti mutu uzizire. Mutu umamupweteka kumbuyoku. Zimenezo zili m'gulu liti mwa atatu aja?

Yamikani
Mnzanuyo timupatse moni.

Madalitso (admin)
A Yamikani, chonde.

Chisomo
Mnzanuyo wachita bwino kukuuzani. Gulu lake sindinganene ndisanamuone, koma mumuuze kuti si onse amene vutoli limawagwira ndi misozi. Kwa anthu ambiri, makamaka amuna, limaonekera mu ukali, kumwa, ndi kudzikwirira mu ntchito kuti asakhale chete ndi maganizo awo. Akayezetse BP sabata ino, chifukwa imakwera osapereka chizindikiro, ndipo ali komweko amuuze dokotala zonse zimene mwalembazi, ndi za mowa zomwe, asachepetse mabotolo. Akafuna kuyamba walankhula ndi munthu payekha, inbox yanga ndi yotsegula, ndimulozera koyenera. Mumufunsenso kuti akugona maola angati.

Limbani
Akuti anayi. Loweruka asanu.